Achemwali 2% imeneyo isakugwetseni mphwayi

Eee achemwali ndangoona zomwe mwalemba zoti atayeza umuna wa amuna anuwo ma sperm ooneka bwino apezeka 2% yokha, mtima wanga wachita phaa, ife pepala lathu linalembedwa 1% ndipo dokotala amene anatipatsa uja mpaka lero sindinamukhululukire. Zaka zonse zija amangoyeza ine, magazi ine, sikani ine, ekisireyi ya machubu ija amakuthira mankhwala m'chiberekero ululu wake osanena, clomiphene, mankhwala othandiza kutulutsa mazira aja, ndinamwa mpaka kumaona chizungulire, koma munthu wophunzira ameneyo osanenako ngakhale tsiku limodzi kuti bambo nawonso apereke umuna tiuyeze. Chonsecho pa mabanja ovutika kubereka pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna! Uku apongozi akunditchula chumba pamaso pa alamu anga, ine ndili duu.

Pamapeto pake umuna unayezedwa, koma tsiku la zotsatira ndiye linali loipitsitsa. Chitseko chili chotsegula, anthu pabenchi akumva zonse, iye maso ali papepala osatiyang'ana nkomwe akuti "ma sperm anu ndi opunduka, ena mitu yokhota ena michira iwiri, apa palibepo mwana." Amuna anga manja anayamba kunjenjemera mpaka pepala kugwa pansi, anafunsa ndi mawu otsika ngati kamwana kuti "ndiye kuti ndine gojo adokotala?" iye osayankha, anangolemba jakisoni wa testosterone, mahomoni achimuna aja, akuti mphamvu ibwere nkuitana wina alowe. Usiku umenewo ndinawapeza akulira kubafa atatsegula mpopi kuti ndisamve. Ndipo jakisoni ameneyo ndi amene anaonongeratu zinthu, testosterone wobaya amauza ubongo kuti machende asiye kupanga mbewu, titakayezanso ma sperm anali atatsala pang'ono kutheratu. Akakulemberani zimenezo kanani.

Dokotala wina ndi amene anatikhazika pansi bwinobwino. Dzina lake vutoli ndi teratozoospermia, ndipo malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ndi 4% yokha, kutanthauza kuti mwamuna yemwe ma sperm ake 96 pa 100 ndi okhota amawerengedwabe kuti ali bwino. Muyezo wake ndi wokhwima kwambiri, uja amati wa Kruger, kamutu kakangopendama pang'ono basi aichotsa pagulu la abwino. Komanso sperm yokhota sikutanthauza kuti mwana adzabadwa wolumala, izi ndikanakonda wina atandiuza msanga chifukwa zimandisowetsa tulo.

Ife tinathera ku ICSI. Ndi IVF yomweyo, njira yokumanitsa dzira ndi sperm kunja kwa thupi ija, koma mmalo mosakaniza mazira ndi umuna m'mbale kuti zipezane zokha, wa mu labu amasankha sperm imodzi yooneka bwino nkuibaya mkati mwa dzira ndi kasingano kakang'ono kwambiri. Sizachilendo ayi, ana oyamba anabadwa 1992 ku Brussels. Koma ndikuuzeni chilungamo, vuto ndi la bambo koma thupi lozunzika ndi lanu, majakisoni a mahomoni tsiku ndi tsiku masiku 10 kapena 12, mimba kutupa, kutulutsa mazira, kenako masabata awiri odikira aja omwe umangoyang'ana kabudula wamkati ola lililonse. Sizinagwire pompopompo, tinalira kaye, koma kamtsikana kathu kali pano kakugwetsa zinthu m'nyumba.

Komabe inu musathamangire ICSI chifukwa cha pepala limodzi. Ayezenso pakatha miyezi itatu, sperm imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangidwe ndiye ngakhale kutentha thupi kwa mwezi watha kumatha kuononga zotsatira, ndipo asanapereke akhale masiku 2 mpaka 7 osagonana. Awaone ngati alibe varicocele, mitsempha yotupa ya kumachende ija, fodya asiye, mowa achepetse, laputopu pamiyendo ndi kusamba madzi otentha kwambiri ayi. Ngati ma sperm ndi ambiri ndipo akuthamanga bwino mimba imatheka mwachilengedwe ndithu, kapena ndi IUI yongothira umuna wotsukidwa m'chiberekero. Koma ngati mwadutsa zaka 35 musamvere zodikira zanga zi, pitani pompano, mazira sadikira munthu ndipo zaka zomwe anatidyera dokotala woyamba uja ndi zomwe zatimanitsa mwana wachiwiri. Tandiuzeni, count ndi motility, kuchuluka ndi kathamangidwe ka ma sperm, alemba bwanji papepalalo, ndipo inu muli ndi zaka zingati?