Anthu 300, keke ya masitepe angati?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akulowa m'banja mu Okutobala, madyerero adzachitikira m'holo ina m'tauni ya Zomba. Taitana anthu 300. Wophika keke akuti tigule ya masitepe asanu, koma mtengo wake wandithetsa mawu. Kodi yocheperako singakwane? Ndine mayi wa ku Chinamwali.

YANKHO: Mayi, musawerenge makadi amene mwagawa, werengani amene adzadyedi keke. Akwati akadyetsana n'kugwadira makolo ndi ankhoswe, yotsalayo imadulidwa n'kugulitsidwa pa perekaniperekani. Nthawi imeneyo ena akhuta mpunga ndi nkhuku, ena anyamuka kale kuthamangira minibasi ya ku Jali kapena ku Domasi. Zidutswa 190 kapena 200 zikukwanirani.

Chidutswa cha pa ukwati chimakhala inchi 1 m'lifupi ndi mainchi 2 m'litali, pa keke yotalika mainchi 4 kuchokera pansi kufika pamwamba. Mukadula choncho, keke yozungulira ya mainchi 8 imatulutsa zidutswa pafupifupi 24, ya mainchi 10 imatulutsa 38, ya mainchi 12 imatulutsa 56. Masitepe atatu amenewa pamodzi ndi zidutswa 118. Tsono uzani wophikayo awonjezere keke ina ya ngodya zinayi ya mainchi 12, yopanda maluwa, yongokhala kukhitchini. Imeneyo payokha ndi zidutswa 72, ndipo ikakulungidwa m'kapepala palibe amene angadziwe kuti sinali patebulo la akwati. Zonse pamodzi 190. Ngati sitepe yapamwamba mukufuna kusungira akwati, chotsanipo 24.

Ngati nkhani ndi yoti keke ioneke yaitali pazithunzi, alipo masitepe abodza a styrofoam (zoyera zopepuka zija zotetezera katundu m'makatoni) opakidwa aisingi. Koma funsani mtengo kaye, pakuti ntchito yokongoletsa ndi yomweyo.

Masamu onsewa amafera m'manja mwa wodula. Akadula kuchokera pakati ngati mmene timadulira papaya, keke ya zidutswa 56 imatha anthu 30 asanalandire. Asankhidwe munthu mmodzi wa dzanja lokhazikika. Atsitse masitepe onse, adule mizere ya mainchi 2 kuchokera mbali ina kufika mbali ina, kenako mzere uliwonse audule inchi imodziimodzi, akupukuta mpeni ndi kansalu koviika m'madzi otentha.

Okutobala ndi wotentha, ngakhale kuno kunsi kwa phiri. Aisingi wa batala amayamba kuyenderera holo ikadzaza, choncho fondant, aisingi wolimbirapo amene amayalidwa pa keke ngati nsalu, ndiye amapirirako. Sitepe iliyonse ikhale pa kabolodi kake, ndipo m'masitepe apansi mulowe timitengo tochirikiza, apo ayi yapamwamba imamira m'inzake n'kupendama. Ponyamula, sitepe iliyonse ilowe m'katoni yake, m'kati mwa galimoto, pansi posalala, osati pamiyendo. Akaisanjike kuholo komweko.

FUNSO: Nanga pa tsiku lobadwa la mwana, ana 25? Ndine bambo wa ku Matawale.

YANKHO: Bambo, apa zidutswa zimakula chifukwa keke ndiyo mwini phwando. Yozungulira ya mainchi 10 imapereka zidutswa pafupifupi 28 zazikulupo. Koma kwa ife ana sabwera okha, amabwera ndi azikulu awo ndi anzawo a nyumba yoyandikana. Tengani ya mainchi 12, yotulutsa 40.