Galimoto yanga inandiwirira pa chitunda cha ku Thyolo

Achimwene amene mwalemba kuti galimoto yanu ikumatha madzi mu rediyeta, imitsani galimotoyo lero lomwe, osati zoti ndikafike kaye pa Limbe ayi. Madzi akumatha mu rediyeta daily koma pansi sipakudontha kanthu ndiye mukuganiza kuti akupita kuti? Ndikukayikira kuti akulowa mu injini amenewo, gasketi ya hedi (chija chimamata pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake) yayamba kupsa. Ndangowerenga zanuzi mtima wanga myuu, ndakumbuka zanga.

Sienta yanga inayamba chomwecho, mmawa uliwonse kuthira lita imodzi ya madzi a pa mjigo. Ndinapita nayo kwa makaniko wina wake pa Chitakale, dzina sinditchula koma mwina ali mu gulu lomwe lino akudzidziwa. Munthu osayeza chilichonse, kungogwira paipi basi akuti bwana vuto ndi thermostat (kaja kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini), zimenezi ndi za ku Japan kozizira kuno sizifunika. Anaichotsa, kuswera mazira awiri mu rediyeta ati atseke pobooka, ine nkumulipira nkumuthokozanso. Uchitsiru wanga.

Patangotha sabata ndanyamula apongozi aamuna ndi aakazi omwe, ankhoswe, nkhuku ziwiri kumbuyo, tikupita ku chinkhoswe cha mlamu wanga ku Bvumbwe. October, dzuwa lija lowotcha mpaka tala kufewa. Tadutsa bwinobwino pa Luchenza, tikuyamba kukwera kulowera ku boma la Thyolo pakati pa minda ya tiyi paja galimoto inayamba kulemera, ndikuponda koma ikukana. Paja Sienta ilibe geji ya temperature, ndi kanyale chabe, kabuluu ikazizira kofiira ikatentha, ndiye pomwe kofiirako kakuthwanima zinthu zinali zitaipa kale. Ine mmalo moima ndinati ndikakamize nditsirize chitundachi, manyazi ndi apongozi. Sitinayende ndi mamita 500 omwe, nthunzi tolotolo pa boneti, injini zii.

Chomwe ndinachita pamenepo mpaka lero ndimadzitukwana. Ndinatenga kansanza nkutsegula chotsekera cha rediyeta ili yowira choncho. Chija chimagwira pressure pafupifupi 1.1 bar, madzi amakhala apitirira madigiri 100 osabwata, ukangotsegula amatuluka onse kamodzi. Anandipopera mkono wonse mpaka mchigongono, khungu kusupuka, chipsera ndili nacho. Apongozi aakazi kukuwa mayo mwana wapsa, aamuna ali chete ataima mu suti mmbali mwa msewu, anthu othyola tiyi kusiya madengu kubwera kudzaonera. Kenaka mnyamata wina wachifundo chake anathamanga kukatunga madzi ozizira ku khwawa nkukhuthulira mu injini yotentha ija, ine ndili busy ndi mkono. Hedi ya 1NZ, injini ya Sienta yangayo, ndi ya aluminiyamu, inapindika pompo. Apongozi anakwera kabaza, ankhoswe minibasi, nkhuku imodzi inafa ndi kutentha, ku chinkhoswe anayamba popanda ife ndipo kuchimunako nkhani imeneyi sinathe mpaka pano.

Nditamuimbira makaniko uja akuti munkathamanga kwambiri bwana. Kuthamanga pa chitunda, ndi anthu 7? Kenako foni osayankhanso. Tikakumana pa msika amayang'ana kumbali.

Anaikonza ndi mdala wina wa pansi pa mtengo wa mango ku Luchenza. Hedi tinapita nayo ku Limbe kukasikima (kuipala pa makina kuti iwongoke), gasketi yatsopano, mabawuti anamanga ndi torque wrench kuyambira apakati kupita kunja monga zimafunikira, osati zija zokoka ndi paipi mpaka bawuti kulira. Oyilo ndi filter kusintha kawiri chifukwa anali atasakanikirana ndi madzi. Ndalama ya feteleza ya chaka chimenecho inathera pamenepo.

Inuyo mawa mmawa injini ili yozizira tsegulani chotsekera cha rediyeta, dzazani madzi, lizani, mukaona thovu likutuluka osaleka ndi gasketi basi. Onaninso kunsi kwa chotsekera oyilo ngati kukuoneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera ku ekizozi osatha ngakhale yatentha, paipi ya mmwamba kulimba gwa itangolira kumene, ndi kunjenjemera ikamadzuka. Ngati zonsezi palibe mwina mwapulumuka, yambani ndi chotsekera cha rediyetacho nchotchipa, kenako ma clip a mapaipi, water pump ndi fani ngati ikuzungulira. Ikakutentherani panjira yatsani heater mpaka kumapeto muime msanga, mudikire izizire yokha.

Madzi a pa mjigo asiyeni, amadya rediyeta ndi dzimbiri, gulani coolant wa pinki uja osasakaniza ndi wobiriwira. Ngakhale ine kunena zoona chigubu cha malita 5 sichichoka kumbuyo, coolant wadula aise. Ndipo ngakhale yanga anaikonza mdala uja, inu musapite kwa amakaniko a pansi pa mtengo, pitani ku galaja yeniyeni yoti ali ndi choyezera pressure. Thermostat asakuchotsereni zivute zitani, yangayo sindinabwezeretsebe koma ndigula month end.