Geni ya nsomba za m'nyanja yamchere: kuoda, kulandira ndi kusankha zokhala limodzi mu thanki ya makorali

Achimwene, mwafunsa mmene geni yopikula nsomba zamoyo za m'nyanja yamchere kunja imayendera, komanso mmene munthu amadziwira nsomba zoti zikhale limodzi mu thanki ya makorali (zamoyo za m'nyanja zomera pa miyala, zina zooneka ngati nthambi) popanda kuphana. Mafunso awiriwa musawalekanitse. Msonkho ndi ndalama ya ndege mumazidziwiratu musanaode. Chimene chimadya mpamba mosayembekezereka ndi nsomba zakufa, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi loti woodayo anatengeka ndi kuwala kwa nsomba asanafunse kuti ikakhala ndi yani.

Nsomba zambiri za geniyi zimachokera ku Indonesia ndi ku Philippines. Zina zimachokera ku Sri Lanka, ku Kenya, ku Red Sea ndi ku Caribbean. Wogulitsa wa kumeneko amakutumizirani mndandanda wa zomwe ali nazo sabata imeneyo, wokhala ndi dzina la nsomba, kukula kwake ndi kuchuluka kwa zolowa m'bokosi limodzi. Odani ndi dzina la Chilatini, chifukwa mayina a pamsika amasiyana malinga ndi wogulitsa. Mukangolemba kuti clownfish, mwina mumafuna Amphiprion ocellaris yofatsa ija, koma angakupakireni maroon clownfish, imene imaluma ngakhale dzanja la mwini thanki.

Mapepala akhale m'manja nsomba zisanalowe m'thumba: chilolezo cholowetsera zamoyo m'dziko lomwe zikupita, chikalata cha dokotala wa zinyama cha kochokera, invoisi, mndandanda wa zili m'bokosi lililonse, ndi chikalata cha katundu wa pa ndege. Mapakidwe amatsata malamulo onyamulira zamoyo a IATA, bungwe la makampani a ndege. Nsomba zambiri sizifuna chiphaso cha CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa), koma makorali olimba, nkhono zikuluzikulu za mtundu wa Tridacna ndi nsomba za Hippocampus (seahorse) zimafuna. Chimodzi chokha chopanda chiphaso chingamangitse katundu yense pa bwalo la ndege, nsomba zikutha mpweya. Sankhani ulendo wosintha ndege kochepa, wofika tsiku lomwe maofesi a kasitomu ndi a zinyama ali otsegula.

Wopaka wodziwa ntchito amaika nsomba pa njala tsiku limodzi kapena awiri kuti zisadetse madzi m'njira. Nsomba iliyonse thumba lake, madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, kotsalako okosijeni. Nsomba zotchedwa ma tang zimafuna matumba awiri kapena atatu ovalana chifukwa zili ndi minga yakuthwa pa tsinde la mchira, imene imaboola pulasitiki. Matumbawo amalowa m'bokosi la polystyrene losunga kutentha. Dziwani kuti zambiri zomwe mukulipira pa ndege ndi madzi, koma musauze wopaka kuti achepetse madzi pofuna kupulumutsa ndalama. Paulendo wa maola 24 mpaka 48, madzi amenewo ndiwo moyo wa katundu wanu.

Pamene anthu atsopano amaphera nsomba zambiri ndi potsegula. Thumba likakhala lotseka nthawi yaitali, mpweya womwe nsomba imatulutsa popuma umatsitsa pH ya madzi (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akachuluka), ndipo pH ikatsika, amoniya yomwe yadzadzamo kuchokera ku zonyansa za nsomba imakhala yosaopsa kwambiri. Mukangotsegula, mpweya uja umathawa, pH imakwera, amoniya imasanduka poizoni wotentha mopumira nsomba. N'chifukwa chake nsomba yochokera kutali siifunika kuisiya m'madzi ake ola lonse uku mukudonthezeramo madzi a m'thanki. Chepetsani kuwala m'chipindamo, yandamitsani thumba lili chitsekere kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane, kenako yezani mchere wa m'thumba ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere. Ogulitsa ambiri amasunga nsomba pa mchere wotsika, cha m'ma 1.020, pomwe thanki ya makorali imakhala pa 1.025 kapena 1.026. Konzani madzi olandirira kuti afanane ndi a m'thumba, samutsani nsombayo msanga, madzi a m'thumba mutaye, ndipo mcherewo muukweze pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Zofika zitafa muzijambule zikadali m'thumba lotseka, chifukwa ogulitsa amabweza pokhapokha aone umboni m'maola ochepa omwe munagwirizana.

Ikatuluka m'thumba, nsomba isapite kwa kasitomala kapena mu thanki ya makorali. Ibindikiritseni milungu inayi, osachepera, mu thanki yapadera yopanda mchenga, yokhala ndi sefa yokhwima (yomwe muli kale mabakiteriya othetsa zonyansa) ndi zidutswa za mapaipi zobisalamo. Apa mukuyang'anira matenda obwera ndi tizilombo. Cryptocaryon imaoneka ngati timadontho toyera tonga mchere pa thupi ndi pa zipsepse, nsomba n'kumadzikanda pa zinthu. Amyloodinium imaoneka ngati fumbi, nsomba imapuma mwaphuma, ndipo m'masiku ochepa ingasese thanki yonse. Brooklynella imakonda ma clownfish ogwidwa m'nyanja, khungu limachita ngati likusupuka. Mankhwala a matenda awiri oyambawo nthawi zambiri ndi kopa (mankhwala a mkuwa), ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi shirimpi. Ndiye matenda akalowa mu thanki yaikulu, njira yake ndi kuchotsa nsomba zonse n'kuisiya yopanda nsomba kwa masiku pafupifupi 76 kuti tizilomboto tife ndi njala. Palinso nsomba zogwidwa ndi poizoni wa cyanide. Zimafika zowala bwino, koma zimakana kudya kapena kufa patapita milungu popanda chizindikiro. Wogulitsa amene nsomba zake zimachita zimenezi mobwerezabwereza, musiyeni. Ngati mtundu womwe mukufuna ulipo woswedwa mu thanki, monga ma clownfish ndi Banggai cardinalfish, tengani umenewo: unazolowera kale chakudya chopatsidwa ndi munthu ndipo umapirira ulendo.

Tsopano za kusankha, pomwe pagona nkhani yonse. Musanalembe oda, funsani mwini thanki zinthu izi: thanki ndi ya malita angati komanso yaitali bwanji, yatha miyezi ingati chiikireni madzi, muli nsomba zanji kale, muli makorali ndi shirimpi zanji, ndipo ili ndi chivundikiro kapena ayi. Madzi ake akhale pa madigiri 24 mpaka 26, pH ya 8.1 mpaka 8.4, amoniya ndi nitrite (poizoni wina wochokera ku zonyansa) pa 0. Wosadziwa manambala amenewa sanafike pogula nsomba, ndipo ndi bwino kumuuza mosapita m'mbali.

Nsomba za m'makorali zimalimbirana malo ndi chakudya, ndipo mdani wamkulu wa nsomba ndi inzake yofanana nayo thupi, mtundu ndi kadyedwe. Ma tang awiri a mtundu wa Zebrasoma mu thanki yaing'ono amachekana ndi minga ya kumchira ija mpaka imodzi itasiya kudya. Royal gramma ndi dottyback, zonse zokhala m'mphanga, sizimvana. Ma blenny awiri odya ndere pa mwala womwewo, chimodzimodzi. Choncho gawani thanki m'maganizo mwanu: wina wa pamchenga, wina wa m'mphanga, wina wa pamiyala, wina wosambira poyera. Aliyense akakhala ndi pake, ndewu imachepa yokha.

Ma clownfish ali ndi khalidwe lomwe wogulitsa aliyense ayenera kulidziwa. Akakhala awiri, wamkulu ndi wamphamvu amasanduka wamkazi, winayo n'kukhala wamwamuna, ndipo wamkazi sabwereranso m'mbuyo. Mukaika akazi awiri akuluakulu pamodzi amamenyana mpaka imfa. Gulitsani awiri ang'onoang'ono, kapena wamkulu mmodzi ndi wamng'ono kwambiri mmodzi, banja limodzi pa thanki, mtundu umodzi. Mudzaona wamng'onoyo akupendekeka n'kumanjenjemera thupi lonse pamaso pa wamkuluyo. Si matenda amenewo, ndi kugonja, ndipo zikatero ndiye kuti banja lamangika. Ma clownfish safuna anemone (chamoyo cha m'nyanja chomwe amabisalamo) kuti akhale moyo, ndipo mu thanki yatsopano anemone kawirikawiri amafa.

Yellow watchman goby ndi pistol shrimp ndi awiri omwe ndimalimbikitsa ndi mtima wonse pa thanki yaing'ono. Shirimpiyo saona bwino, ndiye amakumba una pansi pa mwala, kutuluka ndi mchenga m'manja ngati womanga, kanyanga kake kamodzi kali chikhudzire mchira wa goby yomwe yaima pakhomo. Goby ikangogwedeza mchira, onse awiri alowa. Chofunika ndi mchenga wokwanira, masentimita 5 kapena kuposa, ndi miyala yokhazikika pa galasi la pansi kuti isagwe akamakumba.

Pali zina zomwe kukongola kwake kumapusitsa. Ma damselfish ndi olimba ndipo amafika amoyo pafupifupi onse, n'chifukwa chake amakoma kuoda, koma ambiri akakhazikika amalanda thanki yonse, ndipo kuwagwira pakati pa miyala kumafuna kuphwasula zonse. Six-line wrasse imayamba bwino, ikakula n'kumazunza aliyense wobwera pambuyo pake. Green chromis anthu amagula gulu, koma mu thanki yaing'ono zimathana imodziimodzi. Blue tang, Paracanthurus hepatus, imafika ili ngati chala koma imakula mpaka masentimita 30 ndipo imafuna thanki ya malita 650 kapena kuposa, yaitali pafupifupi mamita awiri. Ngakhale yellow tang imafuna malita osachepera 300. Mandarin imadya tizilombo tamoyo tating'ono ta pamiyala totchedwa copepod tsiku lonse. Mu thanki yosakwana miyezi 6 mpaka chaka, kapena momwe muli kale wrasse wodya tomweto, imaonda mimba n'kulowa m'kati mpaka kufa. Moorish idol ndi cleaner wrasse zimavuta kudyetsa kotero kuti ndi bwino kuzisiya pa mndandanda wa wogulitsa.

Za makorali ndi shirimpi, lamulo lapafupi ndi kuyang'ana kamwa. Ma butterflyfish ambiri amadya korali weniweniyo. Ma angelfish ang'onoang'ono a mtundu wa Centropyge, monga flame angel ndi coral beauty, ena amakhala bwino, ena amayamba kujompha makorali a mnofu ndi milomo ya Tridacna, ndipo simungadziwiretu kuti ndi uti. Muuzeni kasitomala zoona zake kuti asankhe akudziwa. Triggerfish ndi puffer ambiri amaswa nkhono ndi nkhanu. Hawkfish imadya shirimpi. Lionfish imameza chilichonse chokwana m'kamwa mwake, ndipo minga yake ili ndi ululu, choncho samalani manja potsegula thumba lake.

Nachi chitsanzo cha thanki ya malita 200 yomwe yakhwima. Yambani ndi firefish ndi watchman goby pamodzi ndi shirimpi wake, chifukwa ndi amantha ndipo amafunika kupeza pokhala pasanabwere wina. Chivundikiro cha ukonde wa maso ang'onoang'ono chikhalepo kale, popeza firefish, ma goby ndi ma wrasse amadumpha akadzidzimuka. Pakatha milungu iwiri kapena itatu onjezani tailspot blenny, kenako royal gramma, ndipo banja la ocellaris libwere pomaliza. Mpata umenewu ndi wopatsa nthawi mabakiteriya a m'miyala ndi m'sefa kuti achuluke molingana ndi zonyansa zomwe zawonjezeka. Mukathira zonse tsiku limodzi amoniya imakwera. Dongosololi likasokonekera, waukali n'kuyamba kulowa, amatenga thanki yonse ngati yake, ndipo wofatsa wobwera pambuyo amathera pakona ya pamwamba kuseri kwa pampu, zipsepse zong'ambika, osatsikanso kukadya.

Nsomba isachoke m'manja mwanu kasitomala asanaione ikudya ndi maso ake. Ikafika kwake, ngati muli kale nsomba zokhazikika, aiike kaye m'kabokosi koonekera ka mabowo, kopachikidwa m'kati mwa thanki, kwa masiku awiri kapena atatu. Zakalezo zimabwera kudzaiopseza pa khoma la kabokosiko mpaka kutopa, ndipo mwini thanki amaona yemwe ali ndi vuto pasanavulale aliyense. Aitulutse madzulo magetsi a thanki atazima, zinzake zitakhuta. Tang yakale ikalimbikirabe nkhanza, kalilole womatidwa kunja kwa galasi amaisokoneza kwa masiku angapo, imatanganidwa ndi chithunzi chake. Zikapitirira sabata yatsopanoyo isakudya, imodzi ichoke. Agwiritse ntchito msampha wa pulasitiki wokhala ndi chitseko ndi chakudya m'kati, osati kuthamangitsa ndi ukonde pakati pa makorali, chifukwa nthambi zake zimathyoka ndipo nsomba zonse zimachita mantha mpaka timadontho toyera tija kuyamba kutuluka.