MVP inandidyera ndalama ya lendi, inu musapusitsidwe

Achimwene amene mukufuna kuikapo kangachepe pa Nikola Jokić wa ku Serbia kuti amuposa Shai Gilgeous-Alexander pa mphoto ya MVP ya 2025 (wosewera wopambana onse mu NBA, ligi ya basketball ya ku America), imani kaye. Ine ndinapsa kale mu 2023, bala lake mpaka pano silinapole.

Chaka chimenecho ndinabetcha K50,000 ndi alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba. Ine Jokić, iwo Joel Embiid wa timu ya Philadelphia. Mtima wanga unali m'malo, chifukwa munthu akugoletsa mapointi 24.5, ma rebound 11.8 ndi ma assist 9.8 pa gemu, timu yake Denver ili pamwamba ku West (chigawo cha kumadzulo cha ligiyi), ungakayikenso chiyani? Alamuwo basketball sayidziwa, mukawafunsa kuti m'bwalo mumalowa anthu angati akuuzani kuti 11. Mfundo yawo inali imodzi basi, yakuti Embiid ndi mwana wa kwathu kuno, wa ku Cameroon. Kumapeto kwa March Philadelphia itapita ku Denver, Embiid sanasewere, ati mwendo ukuvuta. Ndinawaimbira alamu tsiku lomwelo kuwauza kuti ayambiretu kusonkha ndalama yanga.

Zotsatira zinatuluka pa 2 May ku America, kuno inali cha m'ma 1 koloko usiku. Magetsi atazima, foni ili pa 9%, ine ndakhala pakhonde ndi kachisanu ka May kaja kuopa kudzutsa ana, bandulo ndagula yapadera. Netiweki ikungozungulira, kuzungulira, osatsegula. Ndisanaone kalikonse foni yalira. Alamu. Moni sanapereke, anangoyamba chikhakhali, kuseka mpaka kutsokomola, kumbuyo kukumveka galu akuuwa. Atapuma anangoti, "Alamu, nambala yanga ndi yomwe ija." Nkudula. Nditatsegula ndinapeza Embiid wapatsidwa mavoti 73 a nambala wani mwa 100, Jokić 15 okha. Miyendo inazizira. Mayi a kunyumba anatuluka atafunda chitenje nkufunsa ngati kwagwa maliro, ndiye tangoganizani kufotokozera mkazi wako pakati pa usiku kuti ya lendi yapita kwa mlongo wake chifukwa cha mzungu wa ku Serbia amene sakudziwa nkomwe kuti uliko. Sabata yathunthu ndiwo anali kundiikira patebulo osandiyang'ana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zomwe zinatsatira. Patangotha masabata awiri Philadelphia inatulutsidwa ndi Boston mu gemu 7 ya ma playoff (magemu ochotsana olimbirana chikho), Tatum wa Boston wamwetsa mapointi 51, MVP wa alamu uja 15 yokha. Mu June Denver inakwapula Miami 4-1 nkutenga chikho, Jokić nkukhala MVP wa ma Finals. Ndinawalembera alamu kuti bwezani ngakhale theka, mwaona nokha amene ali dolo. Anayankha kuti tinabetcha za MVP osati za chikho, nkuika ka emoji kovina. Ndalamayo anagulira sipika yaikulu imene amatiliza nayo tikapita kukacheza. Ndiye 2024 mwana wa kwathu uja anavala yunifomu ya America ku Olympics ya ku Paris, ndinawatumizira chithunzi, mpaka lero anangowerenga osayankha.

Sindikunena kuti Embiid anaba ayi, mapointi 33.1 pa gemu si masewera, ndipo mu January chaka chomwecho anaithira Denver 47 Jokić ali pompo. Koma amene amavota ndi atolankhani ndi owulutsa mawu, anthu ngati ife, amatopa kuona nkhope imodzimodzi. Jokić anali atatenga kale 2021 ndi 2022, ndipo womaliza kutenga katatu kotsatizana ndi Larry Bird kalekale mu 1986. Sanafune kumuika pampando umenewo asanatenge chikho. Mavotinso amaponyedwa ma playoff asanayambe, zimene ine ndinazimvetsa ndalama itapita kale.

Ya 2025 ndi nyimbo yomweyo. Jokić anatenganso ya 2024, nkumaliza sizoni ya 2024-25 ndi mapointi 29.6, ma rebound 12.7 ndi ma assist 10.2 pa gemu, triple-double (kufika 10 pa zitatu zonsezi) chaka chonse, ndipo tonse tinaona 31, 21 ndi 22 imene anaichita Phoenix pa gemu imodzi. Koma Shai anatsogola pa kugoletsa ndi 32.7, timu yake Oklahoma City inapambana magemu 68 pamene Denver 50, ndipo pofika sizoni imeneyo Shai anali asanalandirepo MVP. Atolankhani amakonda zoterezo. Shai atenga, lembani penapake.

Choncho musabetche pa chinthu chodalira maganizo a anthu, makamaka ndi wachibale, poti mukaluza mudzakumana naye pa chinkhoswe chilichonse. Ndalamayo gulirani ana nsapato. Komabe mukati mwatsimikiza, ikani yochepa ndipo ikani pa Jokić, munthu woona mpira sangavotere wina. Ine ndaikapo K20,000 yokha ndi alamu omwewo, mayi a kunyumba sakudziwa, ndipo amene muli nawo pa WhatsApp mugulu muno chonde tsekani pakamwa.