Tsiku limodzi ku Bagamoyo mukudikira katundu

Mayi wina wa ku Mzuzu, amene amakapikula katundu ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar es Salaam ku Tanzania, wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti ulendo ukubwerawu adzakhala masiku awiri mu Dar es Salaam akungodikira galimoto ituluke padoko, ndiye akufunsa: "Anzanga amatchula Bagamoyo. Kodi nkoyenera kuwonongerako ndalama, kapena ndi gombe chabe ngati la ku Nkhata Bay?"

Amayi, pitani. Koma musapitire kusamba.

Bagamoyo ili kumpoto kwa Dar es Salaam, mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Mumakwera timaminibasi tija amati daladala, mumsewu wodutsa ku Tegeta ndi Bunju. Mulawirire, chifukwa mzere wa magalimoto potuluka mu Dar umadya nthawi kuposa ulendo weniweniwo. Pali mahotela a m'mbali mwa nyanja, inde, komabe ife tinazolowera madzi abwino a nyanja yathu, ndipo a uku ndi amchere. Pali maola ena nyanja imaphwa n'kuthawira kutali, ngalawa zamatanga n'kutsala zitapendekeka pamchenga. Gombe la pakati pa tauni ndi la ntchito: asodzi akukokerana mitengo, amayi akukazinga nsomba m'ziwaya pafupi ndi msika, utsi uli tolotolo.

Chimene mukupitira ndi mbiri, ndipo ina mwa mbiriyo ndi yathu.

Yambirani ku mishoni ya Akatolika, imene ansembe a Holy Ghost anatsegula mu 1868 kuti azilandira anthu owomboledwa ku ukapolo. Pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, momwe muli maunyolo ndi zithunzi, komanso mlambe waukulu panja. Koma malo amene ine ndinaima nthawi yaitali ndi pa nsanja ya tchalitchi chakale, imene amaitchula dzina la Livingstone. David Livingstone anamwalira mu May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Anyamata ake anakwirira mtima wake pansi pa mtengo komweko, thupi analiumika ndi mchere ndi dzuwa, kenaka analinyamula wapansi miyezi isanu ndi inayi, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka kufika nalo pano mu February 1874. Linagona m'tchalitchimo lisanawolotsedwe kupita ku Zanzibar. Otsogolera ulendowo anali Susi ndi Chuma. Chuma anali Myao, amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 akadali kamnyamata, kumapiri a ku Shire kwathu konkuno. Kusukulu tinkangoloweza maina awiriwa kuti tikhoze mayeso. Nditagwira khoma la nsanja ija ndi pomwe ndinaganiza za mapazi awo, za mvula ya panjira, za mafumu amene sakanalola maliro a mlendo kudutsa m'mudzi mwawo. Ife Amalawi timadziwa kulemera kwa mawu oti kuperekeza maliro kumudzi. Anthuwa anachita zimenezo.

Dzina la tauniyi likuchokera ku mawu a Chiswahili oti "bwaga moyo", kutanthauza kutula mtima pansi, pakuti kwa iwo moyo ndi mtima. Apa ndi pamene pankathera njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo yochokera ku Ujiji kudzera ku Tabora. Ndinene zoona: akapolo ambiri ochokera ku Nkhotakota ankawatengera ku Kilwa, kumwera, osati kuno. Koma mukalowa mu Caravan Serai, pomwe a mtengatenga ankafikira, chithunzi chake ndi chomwecho.

Zotsalazo mukhoza kuzizungulira wapansi: linga lakale, Boma la Ajeremani la mu 1897, ndi nyumba za zitseko zosema, zina zikugumuka momvetsa chisoni. Bagamoyo inali likulu la atsamunda a Chijeremani m'dzikolo mpaka 1891 pomwe anasamukira ku Dar es Salaam, ndipo kuyambira pamenepo tauniyi inayamba kuzilala. Nthawi ikatsala, kwerani bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, mupite ku Kaole, makilomita asanu kumwera, kukaona mabwinja a mzikiti wa zaka za m'ma 1200 ndi manda a zipilala.

Valani modzilemekeza, chitenje chisachoke m'chikwama, poti ambiri kumeneko ndi Asilamu. Nyamulani mashilingi apamanja olipirira pakhomo la malo aliwonse, ndipo wokuyendetsani mugwirizane naye mtengo musanayambe. Ngati galimoto yanu ichedwa kutuluka, gonani komweko usiku umodzi, m'mawa mukaone ngalawa zikubwera ndi nsomba dzuwa likutuluka m'nyanja.