Mafunso Anu: Kagaraja ka Pepala Koonetseramo Timagalimoto

Mwezi uno makalata angapo akufunsa za kagaraja kosindikiza pa pepala, kodula ndi kumata, koikamo timagalimoto tachitsulo. Tasankhapo anayi.

Funso: Akonzi, ndili ndi timagalimoto ta Hot Wheels ndi Matchbox. Kagaraja ndikajambule kakakulu bwanji kuti kagwirizane nato?

Yankho: Tambiri mwa timagalimoto timeneti timapangidwa pa muyeso wa pafupifupi 1:64, kutanthauza kuti galimoto yeniyeni aichepetsa ka 64. Mita imodzi imasanduka mamilimita 15.6. Garaja ya galimoto imodzi, ya mamita 6 m'litali ndi 3 m'lifupi, ikhala mamilimita 94 ndi 47. Khoma la mamita 2.5 likhala mamilimita 39, khomo la mamita 2.1 likhala 33.

Koma masamu okha angakugwetseni m'mbuna. Opanga amafuna kuti kalikonse, kaya ndi kalole kaya kagalimoto kampikisano, kakwane mu paketi yofanana, ndiye muyeso umasinthasintha. Tengani kakakulu pa tonse, mukayeze ndi rula, muwonjezere mamilimita 10 mbali iliyonse. Ife timakonda malo a mamilimita 55 m'lifupi pa kagalimoto kamodzi, kuti zala zizilowa pokatulutsa. Njerwa ndiye zimagwetsa ambiri: ya mamilimita 215 ndi 65 imatuluka 3.4 ndi 1 basi. Mukazijambula zazikulu, nyumba yonse imaoneka ngati chidole ngakhale zina zonse zili bwino.

Funso: Ndinasindikiza chithunzi chokonzakonza, koma kagalimoto kakukanika kulowa pakhomo. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Pulinta inachepetsa chithunzicho kuti chikwane pa pepala. Posindikiza sankhani "Actual size" kapena 100%, osati "Fit to page". Jambulani kabokosi ka mamilimita 50 pakona ya tsamba, muyambe mwasindikiza pa pepala wamba la A4, muyeze kabokosiko. Kakatuluka 47, musawononge pepala lolimba.

Funso: Makoma anga akauma akumapindika ngati uta. Ndimamata pepala pa katoni ndi guluu woyera uja wamatabwa. Kodi ndi katoniyo?

Yankho: Katoni ilibe mlandu, bambo, vuto ndi madzi. Guluu woyera ali ndi madzi ambiri. Pepala likanyowa limafutukuka, likamauma limakhwinyata n'kukoka katoni ya mbali imodzi yokha. Kupindikako n'kumeneko.

Njira zake zilipo zitatu, ndipo ndi bwino kuziphatikiza. Choyamba, pomata pepala lalikulu gwiritsani ntchito guluu wouma wopaka ngati sopo, kapena wopopera. Woyera uja musungire m'makona, ndipo mudzimupaka pang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Chachiwiri, matani pepala mbali zonse ziwiri za khoma, ngakhale kuseri kukhale pepala lopanda chithunzi, kuti mbali ziwirizo zikokane mofanana. Chachitatu, panikizani makomawo pansi pa mabuku olemera usiku wonse musanawaimike. Apa m'pamene ambiri amapupuluma, n'kumadabwa m'mawa.

Pepala la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), lija la mu ofesi, ndi lopyapyala, limachita makwinya msanga. Funani la 160 mpaka 200 gsm, ndipo onani kaye ngati pulinta yanu imalikoka. M'kati mwa makoma mungaike katoni yolimba ya mamilimita 2 kapena bolodi ya thovu ya mamilimita 5. Kumbukirani kuti makoma awiri a mamilimita 5 akaima pamwamba pa chidutswa cha pansi pa kagaraja amadya mamilimita 10 a malo, ndiye pansipo dulani mokulirako.

Ngati pulinta yanu ndi ya inki yamadzi, dikirani ola limodzi musanamate, apo ayi chala chonyowa chifufuta njerwa zonse.

Funso: Popinda, utoto ukumang'aluka ndipo m'mphepete mukumaoneka zoyera. Nditani?

Yankho: Musanapinde, tsatirani mzerewo ndi bolopeni yotha inki motsamira rula yachitsulo, kuti pepala lidziwe pothyokera. Musadule, ingodindani. Utoto wa pulinta ya laser umakhala pamwamba pa pepala, n'chifukwa chake umang'aluka kwambiri kuposa inki, imene imalowerera. Podula, mpeni ukhale wakuthwa, mudutse katatu mopepuka m'malo mokanikiza kamodzi. Timakutu tomatira, tija totsala m'mbali mwa khoma topakapo guluu polumikiza, tikhale ta mamilimita 8 mpaka 10, todulidwa mopendeka kumapeto kuti tisagundane pakona.

Zoyerazo zipheni ndi cholembera cha inki yotuwa, mukuchiyendetsa chammbali kuchokera kuseri kwa pepala. Chakuda chimaonekera kwambiri, chimachita ngati mwajambula malire. Mukamaliza, poperani vanishi wosawala kawiri, mopyapyala, muli patali masentimita 30, ndipo kagarajako musakaike pawindo: dzuwa limasulutsa inki.