Za ku Likoma zija wafunsa

Eya, mng'ono wanga, ndamva funso lako pa gulupu, loti ukapita ndi mlamu wanga ku Likoma mu Seputembala mukachiteko chiyani. Kulemba kwandikanika, ndili pamoto, ndiye ungomvera.

Mwezi wokhawo wasankha bwino. Juni ndi Julayi kumakhala mwera, mphepo ija imachokera kummwera, nyanja imakwiya zoti munthu wa ku Chipata ngati iwe, wozolowera madzi a m'chitsime, ungasanze mpaka ndulu. Pofika Seputembala yadekha, madzi ali mbee, kutentha kwa Okutobala kusanafike poipa.

Njira ukuidziwa: Mwami, Mchinji, Lilongwe, kenako Nkhata Bay kukakwera Ilala. Sitimayo ndi gogo, inayamba kuyenda mu 1951, ndipo imadutsa kamodzi pa sabata, ndiye funsiratu tsiku. Nthawi imene ndinapita ine inkaima patali, n'kumatitsitsira m'maboti ang'onoang'ono, pomaliza n'kuyenda m'madzi ofika m'chiuno, chikwama pamutu. Foni yanga inathera pomwepo. Yako uikulunge m'pepala la pulasitiki.

Tsono ukafika, usakagone m'chipinda ngati wadwala. Chinthu choyamba, lowa m'madzi. Ubwereke magalasi aja owonera pansi pa madzi, upite pamene pali miyala. Pali tinsomba timene amati mbuna, tabuluu, tachikasu, tina tamizeremizere, tikumadya ndere pamwala pafupi ndi mphuno yako osakuopa n'komwe. Ine ndinakhala m'menemo mpaka zala kuchita makwinya, msana wonse kupsa ndi dzuwa. Uvale malaya. Ndipo pa matete, pamene madzi sayenda, usasambepo, kuli likodzo.

M'mawa kusanatenthe muziyenda wapansi. Chilumbacho n'chaching'ono, ndipo milambe ili paliponse, ina anthu asanu sangaizungulire atagwirana manja. Ukakwera pachitunda ukuona mapiri a ku Mozambique apo pomwepa, mbali inayi chilumba cha Chizumulu. Ukaona ngati utsi ukufuka pakati pa nyanja usati kukupsa, ndi nkhungu, tizilombo touluka, anthu amatigwira n'kupanga ndiwo.

Ku Chipyela kuli tchalitchi cha Anglican, St Peter's, anayamba kumanga mu 1903. Kukula kwake, iwe, sungamvetse kuti chinapezeka bwanji pakachilumba. Ufunse akuonetse mtanda wina wamtengo. Akuti mtengo wake unachokera kwathu kuno ku Zambia, kwa Chitambo kumene anafera Livingstone mu 1873. Mukapezeke Lamlungu, mukamve kuimba.

Madzulo khalani pamchenga muone asodzi akukankha mabwato, nyali zili ngwee panyanja usiku wonse pokopa usipa. Ukagula wauwisi m'mawa, mudye ndi kondowole, nsima ya chinangwa. Mlamu wanga adzayamba wakana, ndikumudziwa, amati nsima ndi ya chimanga basi, koma umuuze asatafune, angomeza. Mukamva ng'oma ndi zipenga, tsatirani, angakhale gule wa malipenga.

Ukafuna kukwera bwato la mtengo, kwera pokhapokha pali mwini wake wopalasa, ndipo pafupi ndi gombe. Iwe kusambira sudziwa, tisanamizane.

Ndalama usinthiretu ukadali kumtunda, utenge zokwanira m'manja. Dikira kaye, ndiwo zanga zikupserera. Amayi akuti ukawabweretsere usipa wouma, osati wa pa Mwami, wa ku Likoma weniweni.